Kalata kwa oyendetsa mipikisano ya njinga m'madera: mpikisano wa amayi musamaufufute pa ndandanda

Kwa apampando, alembi ndi mamembala a makomiti a makalabu a njinga, komanso akuluakulu a mabungwe amene amavomereza mipikisano ya m'madera,

Akuluakulu anga,

Ndine mmodzi wa amayi amene amapalasa nawo njinga pa mipikisano imene mumakonza, ija ya anthu osalipidwa, yochitika Loweruka kapena Lamlungu m'mawa, imene wopambana amabwerera kwawo ndi kachikho, miyendo ikuphwanya, Lolemba n'kulawirira kuntchito ngati wina aliyense. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simulandirapo kanthu. Mumadzuka tambala asanalire kukaima pa mphambano ndi mbendera, mumapita kupolisi kangapo kukapempha chilolezo cha msewu, mumagogoda pa zitseko za eni mabizinesi kuti papezeke mphoto. Popanda inu sipakanakhala poti n'kupikisanirapo. N'chifukwa chake ndalembera inuyo. Chimene ndikudandaula chili m'manja mwanu, ndipo mbali yake yaikulu sifuna ndalama, ingofuna chigamulo cha komiti basi.

Pali mawu amene amalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono kumunsi kwa chikalata choitanira anthu ku mpikisano, kapena amangolengezedwa m'mawa wa tsikulo, akuti mpikisano wa amayi uchitika pokhapokha olembetsa akakwana chiwerengero chakutichakuti. Akapanda kukwana, amayi amene abwerawo amawaphatikiza ndi abambo, kapena amawabwezera ndalama zawo n'kuwauza kuti adzayesenso ulendo wina. Ndikupempha kuti mawu amenewa muwachotse. Ikani mpikisano wa amayi pa ndandanda ya chaka chonse, ukhale ndi nthawi yake yoyambira, zotsatira zake ndi mphoto zake, ndipo uzichitika ngakhale pamzere pataima anthu anayi okha.

Yankho lake ndikulidziwa, poti ndalimva kambirimbiri: amayi sabwera. Koma taonani mmene zimayendera kumbali yathu. Kuti mayi aime pa mzere woyambira amakhala atayamba kukonzekera masabata angapo m'mbuyomo. Wafinya nthawi yopalasa pakati pa ntchito ndi za pakhomo, wagula chubu chatsopano, wapempha woti adzamukhalire ndi ana, wapangana ndi wagalimoto woti adzanyamule iye ndi njinga yake. Asanalipire ndalama yolembetsera amayang'ana kaye mndandanda wa olembetsa, n'kupeza mayina awiri okha a amayi. Amati ndidikire kaye ndione ngati ena alembetse, chifukwa palibe amene amafuna kuvutika chonchi kuti akauzidwe atafika kuti mpikisano wake kulibe. Chimene iye sakudziwa n'chakuti palinso anzake angapo amene akuyang'ana mndandanda womwewo, nawonso akudikira. Tsiku lotseka kulembetsa limafika mayina akadali awiri. Komiti imafufuta mpikisanowo. Chaka chamawa wina akadzutsa nkhaniyi pa msonkhano amamuyankha kuti tinayesa chaka chatha, sanabwere. Lamulo limene munaika kuti likutetezeni ku mpikisano wopanda anthu ndi lomwe likuchititsa kuti ukhale wopanda anthu. Zili ngati kukana kukumba chitsime ponena kuti palibe amene amatunga madzi pamalopo.

Kuphatikiza amayi ndi abambo kumaoneka ngati chifundo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mumatero ndi mtima wabwino, kuti munthu asabwerere osapalasa. Koma inu mukudziwa bwino kuti mpikisano wa njinga za pamsewu ndi nkhani ya mphepo. Amene akupalasa pambuyo pa mnzake, tayala ku tayala, amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene ali pakati pa gulu lalikulu amapulumutsa zoposa pamenepo. Luso lonse la masewerawa lagona apa: kudziwa nthawi yobisala m'gulu, nthawi yopita kutsogolo kukalimbana ndi mphepo, nthawi yothawa anzako, ndi nthawi yosunga miyendo kuti udzaimasule pa mamita 200 omaliza. Mukaponya amayi asanu m'gulu la abambo makumi asanu, zonsezi zimathera pa chitunda choyamba. Gulu limang'ambika, amayi aja amamwazikana, wina wakangamira kagulu ka abambo kutsogolo, wina watsalira yekha kumbuyo. Amene adzatchedwe wopambana pa amayi ndi amene anachita mwayi wopeza tayala la bambo wamphamvu lomukoka. Sanapikisane ndi amayi anzake, mwinanso sanawaone n'komwe chiyambire m'mawa.

Ndikufuna mumuone wa kumbuyoyo, chifukwa inu mumakhala pa mzere womalizira ndipo zimene zimam'chitikira simuziona. Wapalasa mtunda wautali ali yekhayekha, mutu uli pansi, mphepo ikumumenya pachifuwa, m'botolo madzi atha. Afika pa mphambano pamene m'mawa panali munthu wa mbendera yofiira, apeza palibe, poti wambenderayo ataona galimoto yotsekera gulu la abambo yadutsa anaganiza kuti zatha. Tsopano mayiyu ayenera kusankha, ali pa liwiro, nambala ili kumsana, ngati aime kapena alowe pakati pa magalimoto amene sakudziwa kuti pamsewupo pali mpikisano. Akafika pomalizira apeza nsalu yosonyeza mzere womalizira yamasulidwa kale, wosunga nthawi akulongedza mapepala, anthu ali uko akuombera m'manja abambo atatu pa nsanja. Amatchula yekha nambala yake kuti wina ailembe. Munthu wotereyu sadandaula. Amathokoza, n'kukweza njinga yake pa galimoto. Koma mwezi wamawa simumuonanso, ndipo amawerengedwa m'gulu la aja mumati sabwera.

Za ndalama sindikuzinyalanyaza. Ambulansi imafuna kulipidwa, apolisi amakupatsani msewu kwa maola owerengeka, ndipo anthu odzipereka sangaime padzuwa tsiku lonse. Koma kupatsa amayi mpikisano wawo sikutanthauza tsiku lina kapena msewu wina. Msewu ndi womwewo, ambendera ndi omwewo. Chofunika ndi kusiyanitsa nthawi yoyambira, kuika galimoto kapena njinga yamoto kutsogolo kwa amayi ndi ina kumbuyo kwawo, ndi lamulo lomveka loti wa gulu lina asabisale kumbuyo kwa wa gulu lina. Wambendera aliyense auzidwe kuti achoka pamalo ake galimoto yomaliza ya amayi ikadutsa, osati isanadutse. Ndipo mpata wa pakati pa magulu awiriwo muuwerengere mofatsa. Mu 2019, pa mpikisano wa Omloop Het Nieuwsblad ku Belgium, amayi anawayambitsa mphindi 10 pambuyo pa abambo. Nicole Hanselmann wa ku Switzerland anathawa anzake koyambirira, napalasa mwamphamvu mpaka kufika pa magalimoto otsatira abambo. Oyendetsa mpikisano anamuimitsa, naimitsanso amayi onse, kuti abambo atalikirepo. Atawalola kupitiriza, moto uja unali utazilala, ndipo Hanselmann anamaliza pa nambala 74. Okonzawo sanawerengere kuti abambo angayambe mwapang'onopang'ono pomwe mayi akupalasa ndi mtima wake wonse. Inu muwerengere.

Pa kutalika kwa mtunda, tifunseni ife. Si bwino kuti abambo apatsidwe makilomita 100 amayi n'kupatsidwa 20 popanda wofunsa eni ake. Mtunda wa oyamba kumene ukhale waufupi, kwa abambo ndi amayi omwe. Wa ozolowera ukhale woti munthu aumve m'miyendo. Mu 2019 momwemo Fiona Kolbinger wa ku Germany, wofufuza za matenda a khansa, anapambana Transcontinental Race, mpikisano wa makilomita pafupifupi 4,000 kuchokera ku Burgas ku Bulgaria mpaka ku Brest ku France, ndipo anaposa abambo onse amene anali nawo. Thupi la mayi silifunika kulitchinjiriza ku mtunda.

Mawu akuti amayi ndi ochepa si atsopano m'masewerawa. Abambo anayamba kupikisana pa njinga ku Olimpiki mu 1896 ku Athens. Amayi anadikira mpaka 1984 ku Los Angeles, kumene Connie Carpenter wa ku America anatenga golide. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa amayi pamsewu unayamba mu 1958 ku Reims, ku France, ndipo anapambana ndi Elsy Jacobs wa ku Luxembourg. Zaka zonse zodikirazo amayi ankapalasa ndithu, m'makalabu ang'onoang'ono ngati anuwa. Beryl Burton wa ku England anali wosalipidwa moyo wake wonse, membala wa kalabu ya ku Morley, wogwira ntchito ya kumunda. Mu 1967, pa mpikisano wopalasa maola 12, anayenda mamailosi 277.25, omwe ndi makilomita oposa 446. Panjira anapitirira Mike McNamara, amene tsiku lomwelo ankaika rekodi yatsopano ya abambo, ndipo panapita zaka ziwiri mwamuna asanapose mtunda wa Burton. Mayiyu anatenga mamendulo a golide 7 pa mipikisano ya dziko lonse lapansi. Koma ku Olimpiki sanapondeko, chifukwa pamene chitseko chinkatseguka mu 1984 anali ndi zaka 47. Ndikamaganiza za iye mtima umandiwawa, ndipo umandiwawa kwambiri ndikaganiza za amene anali ndi miyendo ngati yake koma kalabu ya kwawo sinawapatse n'komwe nambala.

Taonaninso za Tour de France, mpikisano wotchuka wa masiku ambiri wa ku France. Unalipo wa amayi kuyambira 1984 mpaka 1989, kenako eni ake anausiya. Mu 2013 amayi anayi, Marianne Vos, Emma Pooley, Kathryn Bertine ndi Chrissie Wellington, anayambitsa chikalata chopempha kuti ubwerere. Chaka chotsatira anapatsidwa wa tsiku limodzi wotchedwa La Course. Mu 2022 ndi pamene kunabwera Tour de France Femmes wa masiku 8, umene anapambana Annemiek van Vleuten. Kuchokera 1989 kufika 2022 ndi zaka 33, ndiye kuti pali mbadwo wonse wa opalasa umene unayamba n'kupuma usanapalasepo. Umu ndi mmene kufufuta mpikisano kumawonongera: kuufufuta ndi msonkhano umodzi, kuubwezera ndi zaka. Paris-Roubaix, mpikisano wa m'misewu ya miyala umene abambo akhala akupalasa kuyambira 1896, unalandira amayi mu 2021. Konseku choyamba chinali tsiku pa ndandanda. Oonerera, makamera ndi makampani othandiza anachuluka tsikulo litakhalapo.

Mwina mukuti zimenezo ndi za akatswiri, inu mumangokonza kampikisano ka m'dera. Koma akatswiriwo amachokera kwa inu. Kristen Faulkner, amene anatenga golide pa mpikisano wa pamsewu ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024, anayamba kupikisana atamaliza kale yunivesite, ali pa ntchito ya mu ofesi, atapita ku maphunziro a amayi oyamba kumene ku Central Park mu mzinda wa New York. Amene ankaphunzitsa tsiku limenelo sakanadziwa kuti pakati pa alendowo pali ndani. Anna Kiesenhofer wa ku Austria, katswiri wa masamu, anapambana ku Tokyo mu 2021 alibe timu yomulipira; anathawa gulu mpikisano utangoyamba ndipo sanam'pezenso. Mu 2025 Kim Le Court wa ku Mauritius anapambana mpikisano waukulu wa ku Belgium wotchedwa Liège-Bastogne-Liège, kenako anavala jezi yachikasu ya wotsogola pa Tour de France Femmes, ndipo chaka chomwecho mpikisano wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa. Atsikana anaziona zimenezi pa foni ndi pa kanema, ndipo ena mwa iwo akufunsa kuti tiyambire pati. Poyambira pake ndi pa mzere wanu uja wa choko, kulibenso kwina. Paja mmera m'poyamba.

Komabe sindikufuna kuti mutipatse mpikisano pongoyembekezera kuti mudzatulutsa katswiri. Ambiri mwa ife sitidzafika ku Olimpiki, ndipo si kumene tikulinga. Bambo wa zaka 45 amene amamaliza pa nambala 30 mwezi ndi mwezi palibe amam'funsa kuti akupindulitsa chiyani. Amalipira, mumam'patsa nambala, amalimbana ndi anzake a msinkhu wake, amapita kwawo wokondwa. Mayi wa zaka 45 akufuna zomwezo. Nayenso amakumva kukoma kwa kuthamangitsana ndi mnzake pa chitunda, mtima ukugunda m'makutu, n'kumuposa ndi theka la tayala.

Pali vuto lina limene limabisala m'mawu oti gulu la amayi. Abambo mumawagawa bwino: oyamba kumene, apakati, akatswiri, achinyamata, achikulire. Amayi onse mumawaunjika pamodzi. Mtsikana wa zaka 16 amene sanapalasepo m'gulu amaima pambali pa mayi amene wakhala akuimira dziko lake, ndipo mphindi zisanu zisanathe amakhala atasiyidwa kutali. Pamene chiwerengero chili chochepa n'zomveka kuwayambitsa pamodzi, koma zotsatira zilembedwe padera, woyamba kumene adziwe kuti akupikisana ndi oyamba kumene anzake. Ndipo kangapo pachaka konzani mpikisano waufupi, wa theka la ola pa msewu wozungulira wopanda magalimoto, wa amayi amene sanavalepo nambala. Usanayambe, munthu wodziwa awaonetse mmene amakhalira kumbuyo kwa tayala la mnzawo osaligunda, mmene amakhotera ali ambiri, chifukwa chake sugwira buleki mwadzidzidzi pakati pa gulu, mmene amatengera botolo maso ali kutsogolo, mmene amasinthira chubu tayala likaphwa. Anyamata ambiri amatola zimenezi posewera ndi anzawo ali aang'ono. Amayi ambiri amafika ku masewerawa atakula, ndipo chimene chimawaopsa si kutopa ayi, ndi kugwa kapena kugwetsa ena. Mantha amenewa amachepa msanga pakakhala wowaphunzitsa moleza mtima. Chimodzimodzi pa maulendo a kalabu a pa sabata: ngati mwalengeza kuti ndi a aliyense, pakhale munthu wosankhidwa wopalasa ndi womaliza. Mlendo amene mwamusiya yekha pa msewu wosaudziwa tsiku lake loyamba sabweranso.

Tsopano za chimbudzi, nkhani imene makomiti amachita nayo manyazi. Bambo akapanikizika mpikisano usanayambe amangotembenukira kumtengo. Mayi wovala kabudula wa njinga, uja wa malamba odutsa m'mapewa, ayenera kuvula jezi kaye, ndiye kuti akufunika malo a chitseko chotsekeka. Ena amakhala ali kumwezi tsiku limenelo, ndipo amafunika madzi ndi potayira. Ndaonapo amayi akuleka kumwa madzi m'mawa wonse poopa kusowa kolowera, n'kupita kukapalasa padzuwa kukhosi kuli gwa, zomwe ndi zoopsa pa moyo wa munthu. Ndaonanso ena akusinthira zovala kuseri kwa chitseko cha galimoto, mnzawo atawatchingira ndi thaulo, anthu akudutsa. Posankha malo oyambira, funso la chimbudzi ndi posinthira lizifunsidwa limodzi ndi funso la poimika magalimoto. Ngati kalabu ili ndi njinga zobwereketsa, pakhalenso za felemu yaing'ono, ndi zishalo zingapo zosiyana zoti munthu ayese. Amayi ambiri amayamba ndi njinga ya mchimwene wawo kapena ya amuna awo, yaitali, zala sizifika bwino pa mabuleki, chishalo chikuwapweteka pamalo poti sangauze mphunzitsi wamwamuna. Amangoti za njingazi si zanga, n'kusiya, pomwe vuto linali chishalo.

Nkhani yotsatirayi ndi yolemera, ndipo ndikupempha kuti muimve ndi mtima wonse. Mayi akamapalasa yekha pamsewu amakumana ndi omukuwiza, omutukwana, oyendetsa galimoto amene amachepetsa liwiro n'kumayenda pambali pake. Zimenezo simungazithetse nokha, ngakhale mungathandize polumikiza amayi kuti azipalasa awiriawiri kapena atatuatatu. Koma zimene zimachitika mkati mwa kalabu zili pansi pa ulamuliro wanu. Mphunzitsi ali ndi mphamvu zambiri pa mtsikana: ndiye amasankha wopita ku mpikisano wakutali, wolandira njinga yabwino, wokwera galimoto. Aphunzitsi ambiri ndi anthu aulemu wawo, ndipo ndimawathokoza. Koma pamene pali mphamvu yotere popanda woiyang'anira, tsiku lina wina adzaigwiritsa ntchito molakwika. Mtsikana amene wauzidwa mobisa kuti njingayo ili ndi mtengo wake sangakanene kwa komiti ya abambo okhaokha amene ndi anzake a mphunzitsiyo. Amangosowa. Makolo ake amauza makolo ena, ndipo mwataya atsikana a dera lonse musanadziwe chifukwa chake. Lembani malamulo papepala, kholo lililonse lilandire lake. Mwana wosakwana zaka 18 asakhale yekha ndi mphunzitsi m'galimoto kapena m'chipinda. Pa ulendo wogona komweko pakhale mayi wamkulu. Pakhale munthu wamkazi wolandira madandaulo, wodziwika dzina ndi nambala ya foni, amene sali pansi pa mphunzitsi. Ndipo dandaulo la nkhanza lipite kupolisi, lisathere pa kukambirana kwa m'kalabu pofuna kuteteza mbiri. Malamulo otere amatetezanso mphunzitsi wabwino ku manong'onong'o. Wolengeza pa chimkuzamawu naye mumuuze kuti azinena za liwiro, za mpata wa masekondi, za amene wathawa gulu. Za miyendo ndi maonekedwe a opalasa azisiye.

Za mphoto sinditayapo nthawi, poti masamu ake ndi apafupi. Lizzie Deignan atapambana Paris-Roubaix yoyamba ya amayi mu 2021 analandira mayuro 1,535, pomwe wopambana wa abambo analandira mayuro 30,000. Anthu anadandaula kwambiri. Mu 2022 okonza Tour of Flanders ku Belgium anafananitsa mphoto za abambo ndi za amayi. Kwa inu ndalama zake ndi zochepa, choncho kufananitsa n'kosavuta: woyamba ndi woyamba, wachiwiri ndi wachiwiri. Ndipo ngati bambo walandira matayala atsopano, mayi musam'patse ziwiya za kukhitchini, poti nayenso matayala ake amatha.

Chimene chimatipweteka kuposa ndalama ndi zotsatira. Pa tsamba la kalabu pa Facebook pamaikidwa mayina a abambo onse ndi nthawi zawo mpaka womaliza, zithunzi zambirimbiri, kenako mzere umodzi wothokoza amayi amene anabwera. Lembani mayina athu, malo athu ndi nthawi zathu. Munthu amafuna aone kuti mwezi uno wadulako mphindi ziwiri pa nthawi ya mwezi watha, ndipo ndi zimenezo zimene zimam'dzutsa m'mamawa kukapalasa. Mtsikana amene akuganiza zolowa kalabu amayang'ana zithunzi zimenezo kufunafuna wofanana naye. Inunso eni ake simungadziwe ngati amayi akuchuluka kapena akuchepa ngati simusunga chiwerengero.

Amayi m'makalabu anu alimo kale. Ndi amene amakhala pa tebulo lolembetsera, amagawa manambala ndi mapini, amapereka madzi panjira, amawerengera ndalama. Koma pokonza ndandanda ya chaka simuwapezapo. Zambiri zimene ndalemba pano mayi wa mu komiti akanaziona msonkhano usanathe. Aikeni m'makomiti, oposa mmodzi kuti asamalankhule yekha, ndipo muziwatumiza ku maphunziro a oyimbira ndi a uphunzitsi. Misonkhano yake izichitika pa nthawi ndi malo amene mayi wa ana angafikeko. Bungwe la UCI, loyang'anira masewerawa padziko lonse, linakhazikitsa tchuthi cha uchembere m'matimu akuluakulu a amayi kuyambira 2020, ndipo Deignan uja anapambana Paris-Roubaix ali kale ndi mwana. Kwa inu chofunika n'chaching'ono: mayi akapuma chifukwa cha pakati asataye umembala wake kapena gulu limene anafikamo, ndipo akabwerera mumulandire monga mumalandirira bambo amene anapuma chifukwa chovulala.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo tikuivomera. Tizilembetsa msanga kuti mayina athu azioneka pa mndandanda, aliyense azikoka mnzake, ndipo ozolowera aziphunzitsa oyamba kumene. Koma sitingaitanire anzathu ku mpikisano umene ifenso sitikudziwa ngati uchitika. Chaka choyamba mudzaona anthu ochepa, ndipo padzapezeka wina mu komiti wonena kuti taonani, paja tinanena. Musaweruze ndi chaka chimodzi. Mayi amene waonerera chaka chino amapeza njinga chaka chamawa, n'kudzavala nambala chaka chinacho. Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wanu wokonza ndandanda ukubwerawu mugwirizane, ndipo mlembi alembe m'maminitsi, kuti mpikisano uliwonse wa kalabu udzakhala ndi gawo la amayi kwa zaka zitatu zotsatizana posatengera chiwerengero, ndi kuti masiku ake azilengezedwa pamodzi ndi a abambo chaka chisanayambe. Zaka zitatuzo zikatha tidzakhale pansi limodzi, mabuku a olembetsa ali patebulo, tidzawerenge.

Ine wanu pa masewerawa,

Mmodzi wa amayi opalasa njinga